Mmene mungapezere cholakwika m'kaganizidwe pa mafunso a LSAT

Pa mayeso a LSAT, amene amalemba anthu ofuna malo m'sukulu zophunzitsa zamalamulo ku America ndi ku Canada, pali mtundu wina wa funso umene umagwetsa ngakhale anthu amene Chingerezi chinawakhala pakamwa. Amakupatsani kandime ka mizere inayi kapena isanu, momwe munthu akunena maganizo ake ndi zifukwa zake. Kenako amakufunsani kuti kaganizidwe ka munthuyo kalakwika pati. M'munsi mwake muli mayankho asanu, A mpaka E, ndipo kawirikawiri awiri mwa iwo amaoneka ngati onse ndi olondola.

Mafunsowa amapezeka m'gawo lotchedwa Logical Reasoning, ndipo gawoli lakula mphamvu posachedwapa. Mu Ogasiti 2024 bungwe la LSAC, lomwe ndi mwini wake wa mayesowa, linachotsa gawo la mafunso osanja zinthu motsata malamulo, lotchedwa logic games, moti tsopano pa magawo atatu amene amawerengera malikisi, awiri ndi a Logical Reasoning ndipo limodzi ndi lowerenga nkhani zitalizitali. Pali gawo lachinayi limene sawerengera, koma sakuuzani kuti ndi liti. Gawo lililonse ndi la mphindi 35, ndipo la Logical Reasoning limakhala ndi mafunso pafupifupi 25. Mukagawa, funso limodzi likupeza mphindi imodzi ndi masekondi 24. Nthawi imeneyi siyokwanira kuyeza yankho lililonse mwachisawawa. Pamafunika njira, ndipo njirayo muizolowere musanafike tsiku la mayeso.

Zitsanzo zili m'munsimu ndazipanga ndekha m'Chichewa kuti kaganizidwe kake kaoneke poyera. Mawu a Chingerezi amene mudzakumane nawo pa kompyuta ndawasiya momwe alili. Amene mukukonzekera GMAT, mayeso olowera m'sukulu za bizinesi, njira yomweyi ikuthandizani pa mafunso a Critical Reasoning.

Choyamba, dziwani chimene akukufunsani

Aphunzitsi ena amati yambani kuwerenga kandime, ena amati yambani ndi funso limene lili m'munsi mwake. Ine ndili ndi oyamba ndi funso, makamaka kwa munthu amene Chingerezi anachiphunzira kusukulu, chifukwa ukadziwa kuti ukusaka cholakwika umawerenga ndi diso lina. Funso la mtundu uwu mulizindikira ndi mawu monga "flaw", "error in reasoning", "questionable" kapena "most vulnerable to criticism on the grounds that". Onsewa akunena chinthu chimodzi: kandimeka kali ndi vuto, litchuleni. Sakukufunsani ngati vuto lilipo. Akuuzani kale kuti lilipo. Choncho mukawerenga n'kuona ngati zonse zikumveka bwino, musapite ku mayankho. Mwakodwa kale, bwerezani.

Chachiwiri, lekanitsani chigamulo ndi umboni

M'kandime kalikonse muli chimene wolankhulayo akufuna kuti muvomereze. M'nkhani ino tizichitcha chigamulo. Mulinso zimene akutsamirapo pofuna kuti muvomereze, zomwe tizizitcha umboni. Zotsalazo ndi zongoyalira nkhani, ndipo nthawi zina amaziika dala kuti zikudyereni masekondi.

Mawu monga "therefore", "thus", "hence", "so" ndi "consequently" amatsogolera chigamulo. Mawu monga "because", "since" ndi "after all" amatsogolera umboni. Koma musawakhulupirire kwambiri mawuwa, chifukwa okonza mayeso akudziwa kuti aliyense anawaloweza. Chigamulo chikhoza kukhala chiganizo choyambirira, chopanda chizindikiro chilichonse. Chikhoza kubisala pakati. Kawirikawiri kandime kamayamba ndi maganizo a anthu ena: "Akatswiri ambiri amati misewu yotakasuka imachepetsa ngozi. Koma akulakwitsa, chifukwa..." Apa chigamulo ndi kachiganizo kakafupi kaja, "akulakwitsa", ndipo muyenera kukatambasula m'mutu mwanu: wolankhulayo akuti misewu yotakasuka sichepetsa ngozi. Amene amathamanga amatenga maganizo a akatswiriwo ngati chigamulo, ndiye amasaka cholakwika pa mfundo imene wolankhulayo akuitsutsa kale.

Msampha wina ndi wa zigamulo ziwiri. Pamakhala chigamulo chaching'ono chimene chimachokera pa umboni, ndiye chachikulu chimaima pa chaching'onocho. Mukakayika kuti chachikulu ndi chiti, ikani liwu loti "chifukwa" pakati pa ziwirizo, muyese uku ndi uku. Tiyerekeze kuti ziganizo zake ndi "mitengo ya nyumba ikwera" ndi "anthu ambiri asamukira kunja kwa mzinda". Kodi akuti anthu asamuka chifukwa mitengo ikwera, kapena mitengo ikwera chifukwa anthu asamuka? Chimene chabwera musanafike pa "chifukwa" m'chiganizo chogwirizana ndi kandimeko, chimenecho ndiye chigamulo chachikulu.

Musachoke pa sitepe iyi musanathe kunena m'mawu anuanu kuti: munthuyu akuti chakuti, chifukwa cha chakuti. Mafunso ambiri amene anthu amalephera amawalepherera pomwepa, osati pa mayankho.

Chachitatu, musakangane ndi umboni

Apa ndi pamene anthu ophunzira kwambiri amavutika. Munthu amene anachita za umoyo akawerenga kandime konena kuti mankhwala ena amachiza matenda ena, mtima umamuuza kuti izi n'zabodza, ndipo amathamangira yankho lotsutsa umboniwo. Pa mayesowa zimenezo si ntchito yanu. Dziyeseni woweruza wa bwalo la apilo: mboni zinalankhula kale kubwalo laling'ono, ndipo inu mwavomera kuti zonse zimene zinanena n'zoona. Chimene mukuona n'chakuti, kodi ndi umboni umenewu, chigamulo chija chinayenera kutuluka chonchi? Kandime kakati m'tauni ina agalu onse ndi obiriwira, vomerani, agaluwo ndi obiriwira. Cholakwika sichili mu umboni, ndiponso sichili m'chigamulo pachokha. Chigamulo chikhoza kukhala choona ndithu m'moyo weniweni, koma njira yofikira pamenepo n'kukhala yolakwika. Chimene mukusaka chili pakati pa ziwirizi, pomwe wolankhulayo walumpha.

Chachinayi, tchulani pomwe walumpha musanaone mayankho

Dzifunseni funso ili: zingatheke bwanji kuti umboni wonsewu ukhale woona, koma chigamulo n'kukhala chabodza? Yankho lililonse limene mungalipeze likukulozerani pa mpata womwe wolankhulayo sanatseke.

Njira yachidule ndi kufananiza mawu. Onani liwu limene lili m'chigamulo koma mu umboni mulibe. Umboni ukunena za "malonda akwera", chigamulo chikunena za "phindu lakwera". Malonda ndi phindu si chinthu chimodzi. Ukhoza kugulitsa zambiri koma n'kumaluza ngati zogulira zakwera mtengo. Umboni ukunena za zimene anthu "amakhulupirira", chigamulo chikunena za zimene "zilidi". Umboni ukuti "mwina", chigamulo chikuti "ndithu". Onaninso kukula kwa mawu. Pa mayesowa "some" amatanthauza chimodzi kapena kuposerapo, mwina mpaka zonse; "most" amatanthauza zoposa theka. Umboni wa "some" sungabereke chigamulo cha "most".

Mukaupeza mpatawo, uneneni m'mutu m'chiyankhulo chilichonse chimene mumaganizira. "Bwanji ngati odwalawo akanachira okha?" N'zokwanira. Simukusowa dzina la Chilatini la cholakwikacho. Ndimaona anthu akutha sabata akuloweza mndandanda wa mayina oterowo, pamene mayankho a LSAT sagwiritsa ntchito mayinawo n'komwe. Amafotokoza cholakwikacho m'chiganizo.

Zolakwika zimene zimabwerabwera

Ubwino wake ndi woti okonza mayeso sapanga zolakwika zatsopano chaka chilichonse. Amasintha nkhani, lero za mbalame, mawa za misonkho, koma kulumpha kwake n'komweko. Ziwiri zoyambazi ndi zimene muyenera kuthera nthawi yambiri.

Choyamba ndi kuona zinthu ziwiri zikuyendera limodzi n'kugamula kuti china chikuyambitsa chinzake. Kwa zaka mazana ambiri anthu ku Ulaya ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wochokera m'madambo. Umboni wawo sunali wabodza: kumene kunali madambo kunalidi malungo. Mu 1897 dokotala wina, Ronald Ross, akugwira ntchito ku India, anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo nkhani inaoneka poyera. Madzi oima amaswetsa udzudzu, udzudzu n'kufalitsa matenda. Fungo la m'dambo linkangopezeka pamalo omwewo. Mukaona chigamulo chokhala ndi mawu monga "causes", "leads to", "results in" kapena "is responsible for", pomwe umboni ukungoti zinthuzo zimapezeka limodzi kapena china chinachitika chinzake chitachitika, funsani mafunso atatu. Kodi palibe chinthu chachitatu, ngati udzudzu uja, chimene chikuchititsa zonse ziwiri? Kodi sizikuyenda chobwerera? Wina akati m'madera momwe muli apolisi ambiri mulinso umbanda wambiri, choncho apolisi amabweretsa umbanda, n'kutheka kuti umbandawo ndiwo unachititsa kuti atumizeko apolisi ambiri. Ndipo kodi sizinangochitika mwamwayi?

Chachiwiri ndi kusokoneza chinthu chofunika ndi chinthu chokwanira, zimene m'mayankho zimalembedwa kuti "necessary" ndi "sufficient". Malamulo a dziko la America amati pulezidenti akhale wa zaka zosachepera 35, ndipo a Malawi amatero momwemo. Zaka 35 n'zofunika: popanda izo sungakhale pulezidenti. Koma sizokwanira, apo ayi bwenzi aliyense wa zaka 40 ali ndi mpando. Pa chitsanzo ichi palibe amene angasokoneze. Vuto limabwera nkhani ikakhala yachilendo. Taonani iyi:

"Wodwala aliyense amene wachitidwa opaleshoni ya mtundu uwu amagonekedwa m'chipatala usiku umodzi. Bambo aja anagona m'chipatala usiku wathawu. Ndiye kuti anachitidwa opaleshoniyo."

Zikumveka bwino m'khutu, koma lamulo lija likuyenda njira imodzi: opaleshoni imabweretsa kugona. Silinanene kuti kugona kumasonyeza opaleshoni. Bambowo mwina anagona chifukwa cha malungo, mwina ankadikirira wodwala wawo. Wolankhulayo watembenuza lamulolo. Mnzake wa cholakwika chimenechi ndi uyu: "Mayi aja sanachitidwe opaleshoniyo, ndiye kuti sanagone m'chipatala." N'kulakwa komweko, kwangovala malaya ena. Chinthu chimodzi chokha chimene mungatulutse motsimikiza pa lamulo lija ndi ichi: amene sanagone m'chipatala, sanachitidwe opaleshoniyo.

Poyeserera, lembani malamulo oterewa ndi muvi, chokwanira kumanzere, chofunika kumanja. Chimene chatsatira "if" chimapita kumanzere. Chimene chatsatira "only if" chimapita kumanja, ndipo pamenepa ndi pomwe ambiri amagwera, chifukwa maso amaona "if" n'kudumpha "only". Chimene chatsatira "unless" chimapitanso kumanja, ndipo mbali inayo mumaikana musanaiike kumanzere. "Sungalowe pokhapokha uli ndi chiphaso" ndi chimodzimodzi ndi kunena kuti ngati walowa, uli ndi chiphaso. Sizikutanthauza kuti aliyense wa chiphaso alowa.

Chachitatu ndi kufunsa anthu olakwika n'kugamula za anthu onse. Chitsanzo chotchuka ndi cha chisankho cha pulezidenti wa America cha 1936. Magazini ya Literary Digest inatumiza makalata ofunsa maganizo pafupifupi 10 miliyoni, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48. Mayina ambiri magaziniyo inawatenga m'mabuku a manambala a telefoni ndi pa mindandanda ya eni magalimoto, pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma pamene zinthu zimenezi zinali za anthu opezako bwino. Komanso amene anavutika n'kubweza kalata ambiri anali oipidwa ndi Roosevelt. George Gallup, katswiri wofufuza maganizo a anthu, yemwe anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewa, analosera molondola kuti Roosevelt apambana. Choncho kuchuluka kwa ofunsidwa kusakuchititseni khungu. Kandime kakatchula kafukufuku, onani kuti anafunsa ndani, anawapeza bwanji, ndipo chigamulo chikunena za ndani. Kufunsa anthu amene ali m'sitolo ngati amakonda sitoloyo sikukuuzani za amene anasiya kubwerako. Koma chenjezo: si kafukufuku aliyense amene ali ndi vuto limeneli. Ngati kandime sikakupereka chifukwa chokayikira ofunsidwawo, yankho lonena za "unrepresentative sample" kawirikawiri limakhala nyambo chabe.

Chachinayi ndi kusokoneza peresenti ndi chiwerengero. Tiyerekeze kampani inali ndi antchito 50, ndipo 10 anali amayi. Ndi 20 peresenti. Chaka chino ili ndi antchito 150, amayi 15. Ndi 10 peresenti. Wina akaona peresenti yatsika n'kunena kuti amayi achepa pakampanipo, walakwa, chifukwa awonjezekera ndi asanu. Nthawi iliyonse umboni ukakhala wa gawo koma chigamulo n'kukhala cha chiwerengero, kapena mosinthanitsa, funsani ngati gulu lonselo silinakule kapena kuchepa.

Zotsalazi n'zosavuta kuziona, tingozidutsa. Pali kunyoza munthu m'malo moyankha mfundo yake: akuti fodya amawononga mapapo, koma iye amasuta, choncho akunama. Pali kunena kuti poti palibe amene watsimikiza kuti chinthu n'choona, ndiye kuti n'chabodza. M'bale wake ndi kunena kuti poti zifukwa za wina n'zofooka, ndiye kuti chigamulo chake n'chabodza, chonsecho munthu akhoza kunena zoona pa zifukwa zopanda pake. Pali kutenga khalidwe la mbali imodzi n'kuliika pa chinthu chonse, monga kunena kuti timu ya osewera odziwa mpira aliyense payekha iyenera kukhala timu yabwino. Pali kuyerekeza kuti njira ndi ziwiri zokha pomwe yachitatu ilipo. Pali kugwiritsa ntchito liwu limodzi m'matanthauzo awiri. Palinso kuzungulira, pomwe umboni ndi chigamulo n'chinthu chimodzi chonenedwa kawiri. Ziwiri zomalizazi muzikumana nazo kwambiri ngati mayankho olakwika kusiyana ndi olondola, choncho musazisankhe pokhapokha mutaloza ndi chala liwu limene lasintha tanthauzo, kapena chiganizo chimene chabwerezedwa.

Sitepe yachisanu, yezani yankho lililonse ndi mafunso awiri

Funso loyamba: kodi wolankhulayo wachitadi chimene yankholi likunena? Lachiwiri: ngati wachita, kodi chimenecho n'chimene chikugwetsa chigamulo chake? Yankho lolondola liyenera kupambana onse awiri. Mayankho olakwika ambiri amatchula cholakwika chenicheni chimene sichinachitike m'kandimeko. Ena amatchula chinthu chimene chachitikadi, koma chosakhudza chigamulo.

Tiyese ndi funso lathunthu.

"Mkulu wa laibulale ya m'tauni ina akuti: Chaka chatha tinayamba kutsegula laibulale mpaka 9 koloko usiku. Ana a sukulu amene amabwera kudzawerenga usiku akhoza mayeso bwino kuposa anzawo amene sabwera. Choncho n'zosakayikitsa kuti kutsegula usiku kwathandiza anawa kukhoza bwino."

Chigamulo: kutsegula usiku kwathandiza ana kukhoza. Umboni: obwera usiku akhoza kuposa osabwera. Zingatheke bwanji umboni kukhala woona koma chigamulo chabodza? Mwana amene amasiya masewera n'kupita ku laibulale usiku mwina ndi wakhama kale, amene akanakhoza ngakhale akuwerengera pakhonde. Tili ndi yankho lathu m'mutu. Tsopano mayankho awo:

A. Akunyoza otsutsa ndondomekoyi m'malo moyankha mfundo zawo.
B. Sakuganizira kuti kutsegula usiku kumadya ndalama zambiri za magetsi ndi malipiro.
C. Sakuganizira kuti mwina ana obwera usiku anali okhoza bwino kale ndondomekoyi isanayambe.
D. Akutenga chinthu chofunika kuti mwana akhoze ngati kuti n'chokwanira.
E. Akuganiza popanda umboni kuti mwana aliyense wobwera usiku anaposa mwana aliyense wosabwera.

A yagwa pa funso loyamba: m'kandimemo mulibe wotsutsa, mulibe chipongwe. D nayonso yagwa pomwepo, chifukwa palibe lamulo la "ngati chakuti, ndiye chakuti" limene latembenuzidwa. D imakopa anthu amene angophunzira kumene za chofunika ndi chokwanira, moti amaziona paliponse. B yapambana funso loyamba, popeza mkuluyo sanatchuledi za ndalama. Koma sanatchulenso za mvula kapena mtengo wa mabuku. Chigamulo chake sichikunena kuti ndondomekoyi ndi yotchipa kapena kuti ipitirire. Chikungonena za kukhoza. Chikanakhala choti "choncho tipitirize kutsegula usiku", B ikanayamba kuluma. E ndi yochenjera kwambiri. Ikunena za nkhani yomweyo, mawu ake akufanana ndi a m'kandime, koma yakulitsa. Mkuluyo akufananiza magulu awiri, ndipo mfundo yake sikusowa kuti mwana aliyense apose mwana aliyense. Yatsala C, yomwe ikugwirizana ndi chija tinanena tisanaone mayankho.

Mawu oyambira yankho amakuuzani mmene mungaliyezere. Likayamba ndi "fails to consider" kapena "overlooks the possibility that", tengani chimene chatsatiracho ngati choona, muone ngati chikufooketsa chigamulo. Ngati sichikufooketsa, kuchiiwala si kulakwa. Likayamba ndi "takes for granted" kapena "presumes, without providing justification, that", funsani ngati wolankhulayo akusowadi chimenecho kuti mfundo yake iime. Chikaneni m'mutu. Mfundo ikagwa, yankho ndi lomwelo. Ikakhalabe chilili, ngati mmene zachitikira ndi E, lisiyeni.

Mafunso ovuta kwambiri amabisa yankho losavuta m'Chingerezi chouma, chopanda dzina la chinthu chilichonse. Mudzaona chiganizo chonena za "a condition", "a phenomenon", "a claim", "a given result". Musachiwerenge katatu n'chiyembekezo choti chimveka chokha. Chotsani mawu oumawo, muikepo zinthu za m'kandime. Pomwe alemba "a condition" ikani "kugona m'chipatala", pomwe alemba "a result" ikani "opaleshoni", muwerengenso. Ngati pali liwu limene mukulephera kulipezera mwini wake m'kandimemo, yankholo ndi lolakwika. Samalaninso ndi dongosolo la mawu, chifukwa nthawi zina mayankho awiri amanena cholakwika chimodzi, lina chakutsogolo lina chobwerera, ndipo limodzi lokha ndi limene likugwirizana ndi zimene wolankhulayo wachita.

Chachisanu ndi chimodzi, kayesereredwe

Gwiritsani ntchito mafunso enieni a mayeso akale. LSAC imawaika pa LawHub, pomwe ena ndi aulere ndipo ambiri ndi olipira, ndipo maonekedwe ake pa kompyuta ndi ofanana ndi a tsiku la mayeso. Mafunso opangidwa ndi anthu ena, kuphatikizapo anga ali pamwambawa, ndi othandiza kumvetsa njira, koma misampha yake siyosalala ngati ya eni ake.

Masabata oyamba musayang'ane wotchi. Tengani mafunso khumi a mtundu uwu, ndipo pa lililonse lembani mizere itatu musanaone mayankho: chigamulo, umboni, ndi pomwe walumpha. Zichedwa, ndipo mtima uzikuuzani kuti mukutaya nthawi, koma kuthamanga si kufika. Mukayamba kupeza asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi pa khumi, apo ndiye bweretsani wotchi.

Mukayamba kulemba magawo athunthu a mphindi 35, ikani chizindikiro pa funso lililonse limene munakayika. Nthawi ikatha musathamangire kuona mayankho olondola. Bwererani ku mafunso a chizindikirowo popanda wotchi, muwaganizirenso, mulembe yankho lachiwiri, kenako ndiye muchonge. Mukatero mudziwa mtundu wa vuto lanu. Funso limene munalephera pa wotchi koma mwalipeza mutadekha likusonyeza kuti njira mukuidziwa, chikusowa ndi liwiro. Limene mwalephera kawiri konse likusonyeza kuti pali chimene simunamvetse. Loopsa ndi limene munalephera osakayika n'komwe, chifukwa msampha umenewo mudzakodwamonso.

Khalani ndi kope la mafunso olephera. Pa funso lililonse lembani chimene chinakukopani pa yankho lolakwika ndi chimene chinakuthawitsani pa lolondola. Musalembe kuti "sindinasamale", zimenezo sizikuphunzitsani kanthu. Lembani zenizeni: "ndinadumpha only", "ndinatenga maganizo a otsutsa ngati chigamulo", "ndinasankha yankho chifukwa linali ndi mawu a m'kandime". Pakatha mwezi mudzaona kuti mizere iwiri kapena itatu ndi imene ikubwerezabwereza, ndipo sabata yotsatira muzisankha mafunso okhudza mizere imeneyo.

Pa tsiku la mayeso, funso likakudyerani mphindi ziwiri muli pakati pa mayankho awiri, bwererani ku chigamulo, muchiwerengenso liwu ndi liwu, chifukwa kawirikawiri kusiyana kwa awiriwo kuli pa liwu limodzi la m'chigamulomo. Zikakanikabe, sankhani limodzi, ikani chizindikiro, pitani kutsogolo. LSAT sichotsa malikisi pa yankho lolakwika, ndipo funso lovuta lili ndi mtengo wofanana ndi losavuta, choncho wotchi isanathe onetsetsani kuti funso lililonse lili ndi yankho, ngakhale longolota.